Momwe mungapemphere Nyumba ya Malamulo kuti tizilowa ulere m'paki ya Luangwa

Kuchoka pa Chipata kukafika pa mlatho wa Luangwa ku Mfuwe, polowera m'paki, ndi maola awiri kapena atatu pa msewu wa tala. Koma lowani m'kalasi la Grade 7 mufunse amene anaolokapo mlathowo, muone manja angati adzakwezedwe. Ku Mfuwe komweko alipo akuluakulu amene njovu amazidziwa chifukwa zimawathera mango pakhomo, m'paki sanapondemo.

Kwa anzathu zinatheka. Ku South Africa, kuyambira 2006, mwezi wa September amapatula sabata yoti nzika zilowe ulere m'mapaki a boma, bola zionetse chiphaso. Ku America lamulo la 2019 lotchedwa Every Kid Outdoors Act limalola mwana wa Grade 4 ndi banja lake kulowa osalipira chaka chonse. Nafenso njira tili nayo: ndime 88 ya malamulo aakulu a dziko la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, imalola nzika kupempha Nyumba ya Malamulo kuti ipange, isinthe kapena ichotse lamulo.

Choyamba, sankhani chinthu chimodzi. Apa ndi pamene ambiri tingagwere. Mukalemba kuti "mapaki onse akhale aulere", kalatayo idzafera m'kabati, chifukwa phungu aliyense adzafunsa kuti nanga asilikali oteteza nyama aziyendera chiyani. Pemphani chochepa chooneka mutu ndi mchira: sabata imodzi pachaka kwa mwini reji, kapena ana a sukulu obwera ndi aphunzitsi awo. Tchulani kuti alendo akunja azilipirabe monga kale. Ine ndingasankhe za ana, poti n'zovuta munthu kuimirira pagulu n'kukana mwana kukaona nyamalikiti ya kwawo.

Kenako dziwani lamulo limene mukulikhudza. Mapaki athu, South Luangwa, Luambe ndi Lukusuzi, amayendetsedwa ndi Zambia Wildlife Act ya 2015, ndipo woyang'anira ndi DNPW, nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakuthengo, imene inalowa m'malo mwa bungwe lakale la ZAWA. Mitengo ya pageti siilembedwa m'lamulo lalikululi. Nduna ndiyo imaikhazikitsa kudzera m'malamulo ang'onoang'ono aja timati SI. Choncho lembani makalata awiri, ina ya ku Nyumba ya Malamulo, ina ya kwa nduna ya zokopa alendo. Nduna ingachite msanga, koma chimene nduna yapereka lero ina ingachichotse mawa. N'chifukwa chake za lamulo musazisiye.

Musanayambe kusainitsa, kaoneni eni nthaka. Ku Mambwe simungayambe nkhani ya nyama osagwada kwa mafumu a Akunda, ndiponso osakhala pansi ndi a Community Resources Board, komiti ya anthu a m'midzi yoona za nyama zakuthengo. Iwowa ndiwo amagona ndi njovu m'minda, ndipo adzakuuzani zimene ife a m'tauni sitiziganiza.

Kalatayo ilembedwe m'Chingerezi, yopita kwa a Sipikala, tsamba limodzi, mawu aulemu. Mukamasainitsa muziiwerenga m'Chinyanja kuti munthu adziwe chimene akuikapo dzina. Gulani buku lachikuto cholimba, mujambule mizere ya dzina, mudzi ndi saini. Mapepala apadera amanyowa, ena amathera kokulungira vitumbuwa.

Mukatero pitani nayo ku ofesi ya phungu wa dera lanu, kaya ndi Chipata Central kaya Malambo. Afunseni antchito a pamenepo kuti ayione ngati yatsata malamulo a Nyumbayo isanapite kwa Kalaliki wa Nyumbayo ku Lusaka. Sungani fotokope yodindidwa tsiku, ndipo pakatha mwezi bwereraniko mukafunse pamene yafika. Kabwerezeninso.

Pomaliza, konzekerani yankho la funso limene lidzabwere ndithu: geti likatseguka, anthu adzalowa pa chiyani? M'paki salola kungoyendamo wapansi popanda msilikali wa mfuti, ndiye galimoto ndi yofunika, ndipo mafuta a kuchokera ku Chipata angapose ndalama ya pageti. Lembani m'kalatamo kuti masukulu ndi mipingo azisonkha za basi, komanso, ngati mwasankha za sabata ija, kuti igwe m'chilimwe, September kapena October, pamene tinjira ta m'paki tauma ndipo mvuu zaunjikana m'maiwe otsala.