Mmene mungasankhire malo odyera mumzinda wa Johannesburg

Anthu ambiri amene amafika ku Johannesburg koyamba, kaya atsikira pa Park Station ndi basi yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kaya atera pabwalo la ndege la OR Tambo, amatha sabata yathunthu akudya nkhuku ndi tchipisi m'masitolo akuluakulu aja otchedwa mall, kenako n'kubwerera kwawo akunena kuti chakudya cha ku Joni n'chimodzimodzi paliponse. Cholakwika chimakhala chakuti anayamba ndi kufunsa dzina la lesitilanti, pamene funso loyenera mumzindawu ndi lakuti ndi anthu ati amene amakhala kudera liti. Johannesburg inayamba m'chaka cha 1886 golide atapezeka, ndipo kuyambira nthawi imeneyo yakhala ikukoka anthu ochokera kutali, kuphatikizapo agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela. Gulu lililonse linabwera ndi mphika wake n'kuutereka pamafuwa m'dera lake. Choncho yambani mwasankha dera, lesitilanti mukaipeza mukafika kumeneko.

Ngati m'mimba mwanu simukhazikika popanda nsima, yambirani ku Soweto. Kumeneko nsima amaitcha pap, ndipo kanyenya amamutcha shisa nyama, mawu a Chizulu otanthauza kuotcha nyama. Kachitidwe kake ndi kosiyana ndi ka lesitilanti wamba, chifukwa mumayamba mwapita kubutchala ya pamalo pomwepo, n'kuloza nyama imene mukufuna, kaya ya ng'ombe, ya nkhosa kapena soseji yaitali yokhotakhota yotchedwa boerewors, n'kuilipira malinga ndi kulemera kwake, kenako n'kuipereka kwa wootcha. Pap mumagula padera pamodzi ndi chakalaka, yomwe ndi ndiwo ya kaloti, anyezi, nyemba ndi tsabola. Mukafunsidwa mtundu wa pap, nenani kuti mukufuna yolimba, chifukwa ilipo ina yoyoyoka ngati mchenga, yotchedwa phutu, imene Mmalawi angaiyese nsima yosapsa ngakhale kuti eni ake amaiphika choncho mwadala. Malo odziwika a mtundu umenewu ndi Chaf Pozi, omwe ali m'munsi mwa nsanja ziwiri za Orlando Towers.

Mumsewu wa Vilakazi ku Orlando West, momwe munkakhala Nelson Mandela ndi Desmond Tutu, muli lesitilanti ya Sakhumzi imene imayala zakudya zonse kuti munthu adzigawire yekha, ndipo ndi pamalo abwino olawirapo mogodu, ndiye kuti nthumbwana zophikidwa pang'onopang'ono mpaka kufewa. Dziwani chabe kuti msewu umenewu umadzaza ndi alendo odzaona malo, motero mitengo yake ndi ya alendo. Amene akufuna chakudya cha anthu wamba alowe m'misewu ya m'kati n'kufunsa kota, chomwe ndi chigawo chimodzi mwa zinayi za buledi, chobowoledwa pakati n'kuikamo tchipisi, tchizi, soseji ndi atcha wa mango. Zipalapasiro nazonso zilipo, ndipo pamodzi ndi mitu ya nkhuku amazitcha walkie-talkies.

Kwa Asilamu, ndiponso kwa aliyense wokonda mpunga wonunkhira, dera loyenera ndi Fordsburg, kumadzulo kwa pakati pa mzinda. Msika wa Oriental Plaza unamangidwa m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la tsankho linkachotsa amalonda achimwenye ku Pageview, ndipo lero dera lonselo, makamaka msewu wa Mint, ladzaza ndi malo odyera a anthu ochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh. Kuno mudzapeza biriyani, nkhuku ya tikka yootchedwa pamakala m'mbali mwa msewu, ndi masamusa a pa World of Samoosas m'kati mwa Plaza. Pafupifupi chilichonse ndi halaal, komabe amene amasamala kwambiri ayang'ane chikalata cha bungwe monga SANHA chimene chimapachikidwa pakhoma. Musapiteko Lachisanu masana, pakuti malo ambiri amatseka kuti anthu akapemphere, ndipo musayembekezere kupezako mowa. Nthawi yabwino ndi madzulo a kumapeto kwa sabata, kapena m'mwezi wa Ramadan dzuwa likalowa. Kuyenda pang'ono kuchokera pamenepo mumafika ku Mayfair, komwe Asomali anakhazikika m'mbali mwa 8th Avenue. Akakuikirani nthochi pambali pa mpunga ndi nyama ya mbuzi, musaisunge kuti mudye pomaliza, chifukwa iwo amaidyera limodzi ndi mpungawo.

Malo amene ineyo ndimaona kuti alendo amawaphonya kwambiri ndi a Aitiyopiya, mumsewu wa Jeppe umene tsopano umatchedwa Rahima Moosa. Malesitilanti ake saoneka muli panja, chifukwa ambiri ali m'zipinda za m'mwamba, pamwamba pa masitolo a zovala ndi makatani, ndipo muyenera kukwera masitepe mukutsatira fungo la khofi ndi lubani. Chakudya chachikulu ndi injera, buledi wopyapyala wowawasa wopangidwa ndi ufa wa teff, amene amayalidwa m'mbale yaikulu ndiwo n'kuikidwa pamwamba pake. Mumanyema chidutswa ndi dzanja lamanja n'kutapira ndiwo monga mmene timachitira ndi mbamu ya nsima, ndipo mbale imodzi imakwanira anthu awiri kapena atatu. Lachitatu ndi Lachisanu Akhristu a Orthodox sadya nyama, motero masiku amenewo ndi pamene ndiwo zamasamba, mphodza ndi nandolo wawo zimaphikidwa mwaluso kwambiri. Pitani masana, makamaka ndi munthu wodziwa derali, foni ikhale m'thumba, ndipo tengani ndalama zochepa zapamanja, pakuti si onse amene amalandira khadi. Malangizo omwewa agwiritseni ntchito ku Yeoville, m'misewu ya Rockey ndi Raleigh, komwe kumaphika anthu a ku Congo, Nigeria, Ghana ndi Cameroon. Kumeneko mukamva dzina lakuti pondu musadabwe, ndi chigwada chathu chomwe, kungoti chaphikidwa ndi mafuta ofiira a kanjedza, ndipo fufu wa chinangwa adzakukumbutsani kondowole wa ku Nkhata Bay.

Zakudya za ku China zili ku Cyrildene, mumsewu wa Derrick Avenue umene uli ndi zipata zazikulu zokongoletsedwa mwachitchaina. Kuno musapite nokha, chifukwa mbale zimabwera zazikulu ndipo zimaikidwa pakati pa tebulo kuti onse agawane. Anthu anayi akhoza kuitanitsa mbale zitatu kapena zinayi zosiyana, mpunga n'kuonjezera padera. Pamene mndandanda wa zakudya walembedwa m'Chitchaina, kuloza chithunzi kapena mbale ya patebulo loyandikana nanu si chipongwe. Amene sadya nkhumba afunse mobwerezabwereza, popeza nyama imeneyi imalowa ngakhale m'zakudya zimene zimaoneka ngati zamasamba okhaokha.

Nkhuku ya tsabola imene ambiri amathamangira ija ilinso ndi kwawo. Nando's inayambira ku Rosettenville, kumwera kwa mzindawu, m'chaka cha 1987, pamene Fernando Duarte ndi Robert Brozin anagula kalesitilanti kachipwitikizi kotchedwa Chickenland, ndipo wina mwa tsabola amene kampaniyi imagwiritsa ntchito amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Koma ngati mukufuna kuphika kwachipwitikizi kwenikweni, funani malesitilanti a mabanja m'madera a kumwera ndi kum'mawa, n'kuitanitsa trinchado, yomwe ndi nyama yodulidwa timagawo yophikidwa mumsuzi wa adyo ndi tsabola, kapena prego, nyama yopyapyala yoikidwa m'banzi.

Tsiku limene mukufuna kusangalatsa mlendo wolemekezeka kapena kukambirana za malonda, kwerani sitima ya Gautrain kupita ku Rosebank kapena ku Sandton. Ku Rosebank kuli Marble, lesitilanti imene katswiri wophika David Higgs anatsegula ndi mnzake m'chaka cha 2016, komwe pafupifupi chilichonse chimaphikidwa pamoto wa nkhuni, ndipo pa Nelson Mandela Square ku Sandton pali The Butcher Shop & Grill yodziwika ndi nyama ya ng'ombe. Malo otere muyenera kusungitsa tebulo masiku angapo nthawi isanakwane, pafoni kapena pa intaneti, ndipo onetsetsani kuti ndi otsegula, chifukwa malesitilanti ena amapuma Lolemba. Woperekera zakudya adzakufunsani mmene mukufunira nyama yanu, ndipo ngati simukufuna kuona magazi m'mbale, nenani momveka kuti well done, ngakhale ophika ena amakwinya nkhope akamva zimenezo. Amene akufuna malo apakatikati, osakwera mtengo kwambiri, ayende wapansi mu 4th Avenue ku Parkhurst kapena 7th Street ku Melville, akuwerenga mitengo imene imaikidwa pakhomo asanalowe.

Polipira, msonkho wa VAT umakhala uli kale m'mitengo yolembedwa, koma ndalama yothokoza woperekera zakudya simakhalamo, ndipo mwambo wa kumeneko ndi kuonjezera 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse ya bilu. Mukakhala gulu lalikulu yang'anani kaye pabiluyo, chifukwa malo ena amaikamo okha ndalamayi ndipo mukhoza kulipira kawiri. Makina a khadi azibweretsedwa patebulo, khadi lanu lisachoke m'manja mwanu, ndipo ngati mwabwera pagalimoto sungani marandi ochepa a mlonda amene amayang'anira magalimoto panja. Chakudya chikatsala, pemphani kuti akuikireni m'kabokosi. Ngakhale m'malesitilanti a ku Sandton anthu amatuluka atanyamula mkute wawo popanda wowaseka, ndipo biriyani wa ku Fordsburg amakoma kwambiri akagona.