Kudikirira wodwala kuchipatala anamwino ali ochepa: zoyenera kuchita

Abale anga aku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku Chifunde, tsiku lina mudzapezeka mukudikirira wodwala, kaya pa Ulongwe kaya amutumiza ku Hospital Provincial ku Tete. Dotolo amazungulira m'mawa n'kupita, wotsala ndi wodwala usana ndi usiku ndi namwino, ndipo matenda akayamba kukula woyamba kuzindikira amakhala iyeyo, koma amazindikira akakhala ndi mpata wofika pabedipo.

M'kafukufuku amene anatuluka mu 2014, a Linda Aiken, katswiri wa za unamwino wa ku America, ndi anzawo anafufuza zipatala 300 m'mayiko 9 a ku Ulaya, pa odwala opaleshoni oposa 400,000, anapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi yekha, chiopsezo choti wodwala amwalire pasanathe masiku 30 chimakwera ndi 7 peresenti, komanso anamwino a digiri akachuluka ndi 10 peresenti chiopsezocho chimatsika ndi 7 peresenti. Kumeneko ndi ku Ulaya, nanga kwathu kuno kumene nthawi zina namwino amagwira wodi yonse usiku ali yekha? Ndiye inu wodikirira musangokhala wophika phala, mukhalenso maso a namwinoyo.

Tsiku loyamba lomwelo dziwani ndani ndi ndani, poti si aliyense wovala yunifolomu amene angakuyankheni za mankhwala. Pali servente (wokonza m'wodi ndi kuthandiza ntchito zina), pali ophunzira, pali namwino, pali técnico de medicina (woyeza odwala ndi kulemba mankhwala koma si dotolo), ndipo kumateniti pali namwino wa SMI amene anaphunzira za uchembere. Funsani mwaulemu kuti "Pepani amayi, usiku uno ali pantchito ndi ndani, ndipo ndikawapeza pati?" Funsani kukuwala, osadikira 2 koloko usiku zitavuta.

Kenako phunzirani kuwerenga mpweya, wotchi yapafoni ndi yokwanira. Yang'anani chifuwa kwa miniti yathunthu wodwala ali phee. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka 5 ka 40, wamkulu kupitirira ka 24, kaitaneni namwino. Chimodzimodzi akayamba kubwebweta kapena kusokonekera, akamavuta kudzutsa, akakomoka, akakhala tsiku lonse osakodza, kapena mayi amene wangochira kumene magazi akunyowetsa nsalu pasanathe ola. Apa musachite manyazi ndithu, nkhani ya magaziyi imatenga munthu mwachangu kwambiri.

Kanenedwe nakonso n'kofunika. Mukangoti "sakupeza bwino" namwino wotopa uja akuuzani kuti ndikubwera, popeza onse m'menemo sakupeza bwino. Nenani kuti "bedi lachitatu, akupuma ka 30 pa miniti, madzulo amalankhula koma pano sakundizindikira". Mukatero mwamuthandiza kusankha woyamba kumuthamangira.

Soro (dripi) musaikhudze, osatsegula osatseka, yanu ndi kuona ngati ikutha kapena mkono watupa n'kukanena. Mankhwala azitsamba obisa m'chitenje ayi, ndipo ngati wodwala amamwa ma ARV kapena a BP kunyumba, asonyezeni namwino tsiku loyamba. Wodwala wosatha kudzitembenuza mutembenuzeni maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda pamsana ndi m'chiuno, koma ngati ndi wa opaleshoni kapena wothyoka yambani mwafunsa. M'manja muzisamba ndi sopo.

Nthawi yosinthana ntchito mukhale pabedi, chifukwa apa ndi pamene uthenga umatayika, wolowayo mumuuze zomwe mwaona ndi nthawi imene wodwala analandira mankhwala omaliza, kalembeni m'kakope kapena pafoni.

Mwaitana kawiri palibe wabwera ndipo wodwala akuipiraipira? Osatukwana, pitani kwa mkulu wa anamwino kapena wina aliyense wazaumoyo amene ali pantchito. Dandaulo kasiyeni ku Gabinete do Utente, ofesi yolandira madandaulo pachipatala, mutchule tsiku, ola ndi chiwerengero cha anamwino amene analipo usiku umenewo, kuti akuluakulu aone pamene pakuperewera anthu.