Mmene mungasankhire pakati pa zida zatsopano ndi zakale pokonzetsa mabuleki a galimoto

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya m'Malawi zinabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo msika wa zida zochotsedwa pa galimoto zina ndi waukulu m'mizinda yathu. Mabuleki akayamba kulira kapena kuchedwa kugwira, makanika amatchula mitengo iwiri, wa chida chatsopano ndi wa chida chakale, ndipo mwini galimoto amakopeka ndi chotchipacho asanafunse n'komwe kuti chinachokera kuti. Zida za mabuleki sizifanana. Chilichonse chimene chimadyeka msanga, chimene chili cha rabara kapena chamadzimadzi chiyenera kukhala chatsopano, pomwe chida chachitsulo chimene mungathe kuchiyeza ndi kuchiona mkati mungachigule chakale popanda kuika moyo pachiswe.

Musanapite kukagula, lembani nambala ya chasisi ya galimoto yanu, chifukwa Vitz kapena Sienta za chaka chimodzi zikhoza kukhala ndi mabuleki osiyana malinga ndi injini yake. Ndi bwinonso kunyamula chida chimene mwachotsacho kuti mukachiyerekeze ndi chimene mukupatsidwa.

Mapadi, omwe amapana disiki kuti tayala liime, ndi ma shoe, omwe amagwira ntchito yomweyo mkati mwa dramu, musagule akale ngakhale akuoneka onenepa. Padi yatsopano imakhala ndi nyama (mbali imene imakhudza disiki) yokwana mamilimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo imayenera kuchotsedwa ikatsala pafupifupi mamilimita 3. Yakale imakhala itadyeka motsatira mizere ya disiki ya galimoto ina, choncho pa disiki yanu imagwira m'malo ena okha. Choopsa kwambiri n'chimene maso saona msanga: padi imene inakhalitsa pamvula imachita dzimbiri pakati pa nyamayo ndi chitsulo chake chakumbuyo, ndipo nyamayo ikhoza kumatuka pamene mwaponda mwamphamvu. Imene inanyowa ndi oyilo siyeretseka ngakhale mutaitsuka ndi petulo.

Komabe si chatsopano chilichonse chimene chili chabwino. Pamsika pali mapadi achinyengo oikidwa m'mabokosi okongola, amene amatha pa miyezi yochepa kapena kudya disiki. Funsani a makampani odziwika monga Akebono, Advics, Bendix, Ferodo kapena Bosch, yang'anani ngati nambala ya pabokosi ikufanana ndi yodindidwa pa padi, ndipo mukaona chizindikiro cha ECE R90 dziwani kuti chimatanthauza kuti mtundu umenewo unayesedwa motsatira malamulo a ku Ulaya. Mtengo ukatsika kwambiri poyerekeza ndi masitolo ena, kayikirani.

Mafuta a mabuleki agulidwe m'botolo lomata, la DOT 3 kapena DOT 4 monga mmene palembedwera pa chivundikiro cha thanki yake. Mafutawa amayamwa chinyezi. DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230 kapena kuposerapo, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa madigiri 155 okha. Woyendetsa amene akutsika chitunda cha Chiweta, cha Golomoti kapena cha ku Chikwawa atanyamula katundu amatenthetsa mabuleki kwambiri, ndipo mafuta akawira, pedulo imangolowa mpaka pansi galimoto osaima. N'chifukwa chake amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Mapaipi a rabara ndi masilu (timarabara totseka kuti mafuta asadonthe) nawonso akhale atsopano, popeza rabara imakalamba ngakhale ili pashelefu, ndipo paipi imatha kufufuma mkati kunja kukuoneka bwinobwino.

Pa disiki ndi pamene chakale chingakupulumutsireni ndalama, bola muchiyeze. Pa disiki pamakhala padindidwa mawu oti MIN TH otsatidwa ndi nambala, yomwe ndi malire a kupyapyala kwake. Pemphani makanika apale dzimbiri m'mphepete kuti nambalayo ioneke, kenaka ayeze ndi micrometer (chida choyezera kukhuthala) pakati pamene padi imagwira, osati m'mphepete momwe mumatsala mlomo wokhuthala. Disiki imene yatsala pang'ono kufika pamalire, imene ili ndi timing'alu, mizere yoti chikhadabo chimakodwamo kapena mawanga abuluu osonyeza kuti inapsa, isiyeni. Kupalitsa disiki pamakina kumathandiza pokhapokha ikatsala yokhuthala kuposa malirewo. Dramu imayezedwa kukula kwa mkati mwake, ndipo malire ake amadindidwanso pa dramupo.

Kalipa ndi chida chimene chimapanikiza mapadi pa disiki, ndipo yakale yochokera kufakitale ya galimotoyo nthawi zambiri imaposa yatsopano yosadziwika kumene inapangidwa. Funyululani rabara imene imateteza pisitoni muone ngati pisitoniyo ili yosalala, yopanda dzimbiri kapena timaenje, yesani ngati mapini ake akusuntha mosavuta, ndiponso ngati kabawuti kotulutsira mpweya kakumasuka osathyoka. Ikapambana mayeso amenewa, iikidwe masilu atsopano isanamangidwe. Pampu yatsopano ya ABS, yomwe imaletsa matayala kukwerereka mukaponda mwamphamvu, imadula kwambiri moti ambiri amagula yakale, ndipo palibe cholakwika ngati nambala yake ikufanana ndendende ndi ya imene yawonongeka komanso wogulitsa walemba pa lisiti kuti mukhoza kuibweza ikakana. Master cylinder yokha, yomwe imakankha mafuta kupita kumatayala mukaponda pedulo, ine ndingalangize kuti mugule yatsopano, chifukwa kudyeka kwake kuli mkati mwenimweni ndipo ikalephera imatha kukhudza matayala onse.

Chilichonse chimene mwasankha, mapadi, ma shoe ndi madisiki asinthidwe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, apo ayi galimoto idzakokera kumodzi mukaponda. Ngati paipi inatsegulidwa, mpweya uchotsedwe mpaka pedulo italimba, ndipo musanachoke pagalaja pondani pedulo kangapo galimoto ili chiimire kuti mapadi afike pa disiki. Yesani mabuleki pamsewu wopanda anthu pa liwiro lochepa, ndipo pa makilomita 200 oyambirira pewani kuponda modzidzimutsa pokhapokha pangozi, kuti mapadi akhazikike. Mawa lake m'mawa yang'anani kumbuyo kwa tayala lililonse ngati pali dontho la mafuta, muonenso mlingo wa m'thanki, ndipo ukatsika bwezani galimoto kwa makanika tsiku lomwelo.