Maimelo anu akubwerera chifukwa cha Excel ya ku wekishopu ija

Nyengo ino yogulitsa zokolola dandaulo limene likundipeza ndi limodzi lomwelo, akuti tatumiza kotesheni koma ogula akuti sanaone kanthu, maimelo ena akubwerera ndi uthenga wa 550 5.7.1, nambala yosonyeza kuti seva ya wolandira yawakana. Ndikayang'ana ndimapeza IP (nambala ya adiresi ya pa intaneti) ya seva yawo yotumizira maimelo ili pa blacklist, mndandanda wa oganiziridwa kuti amatumiza sipamu, ndipo ndikafunsa kuti masabata apitawa munatumiza chani yankho limakhala loti tinangotumiza mitengo yathu kwa anthu onse a mu Excel basi.

Abale, Excel imeneyo ndi imene ikukupwetekani. Ma adiresi amenewo munawakopera pa mapepala osainira ku wekishopu, anthu analemba kuti alandire alawansi osati kuti muziwatumizira malonda, ena analemba mothamanga zilembo zosawerengeka inu n'kungoganizira, ena anasiya ntchito kalekale adiresi inafa. Ndiye mumatenga zonsezo n'kuthira mu CC kamodzi kuchokera pa info@ ya ofesi. Seva za Gmail, Yahoo ndi Outlook zikaona mulu wa maimelo opita kwa anthu omwe kulibe zimadziwa kuti uyu sakuwadziwa anthu amene akuwalembera. Choipa kwambiri n'chakuti ma adiresi ena akufa amasandutsidwa misampha yogwirira otumiza sipamu, sabweza uthenga uliwonse, amangolemba IP yanu mwakachetechete. Amoyo aja nawonso sakukumbukirani, amangodina Report spam. Google inanena kuti kuyambira February 2024 madandaulo asamafike 0.3%, kutanthauza kuti anthu atatu okha pa 1,000 akakudandaulani mwafika kale pa malire. Atatu okha!

Ndiye vuto silithera pa malonda aja ayi, chilichonse chochoka pa seva imeneyo chimakanidwa kapena kuponyedwa mu sipamu, ma invoisi, malipoti a kwa madona opereka thandizo, makalata a tenda amene ali ndi tsiku lotsekera. Ambirinu mulinso pa hosting (malo ochita lendi pa seva) yotchipa ija yogawana IP imodzi ndi makampani ena ambirimbiri, nsomba ikawola imodzi zonse zawola, anzanu osalakwa akuvutika chifukwa cha inu, kapena inuyo mukuvutika chifukwa cha wina amene simunamuonepo.

Wapampando wa kopaletivi ina ya mtedza ku Mchinji anandiimbira atakwiya, akuti "achimwene netiweki yatipha kuno, tagula bando ina koma imelo sikupita." Ndinawauza kuti bambo, bando ilibe mlandu. Mlembi wawo anali atatumiza mitengo kwa aliyense amene anasainapo pa misonkhano ya alimi zaka zonsezi, ndipo wogula weniweni amene amadikira kotesheni pa Outlook sanalandire kanthu, anadikira mpaka anakagula kwina. Mtedza unakhala mu nkhokwe, kenako anagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira. Chimene chinandipweteka n'chakuti mlembiyo ataona maimelo akubwerera ankangotumizanso ku mndandanda womwewo, akuti mwina ulendo uno alowa.

Chizolowezi chimenechi chotumizanso nditopa nacho. Chinanso n'chothawa, mwaikidwa pa blacklist mukusamukira ku hosting ina mutanyamula Excel yomweyo, pakangopita kanthawi IP yatsopano yada nayonso. Ena mukulipira anyamata oti akuchotseni pa blacklist ya Spamhaus pamene bungwe limeneli, lomwe lilipo kuyambira 1998, silipiritsa kuchotsa IP, chimene limafuna n'chakuti chimene chinayambitsa vuto chikhale chitakonzedwa. Dziwaninso kuti Google ndi Microsoft ali ndi kawerengedwe kawokawo ka mbiri ya wotumiza, kuchoka pa Spamhaus sikutanthauza kuti mawa lomwe Gmail ikulandirani, zimatenga nthawi. Za SPF, DKIM ndi DMARC, njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu, sindikufuna kutalikitsa, Gmail ndi Yahoo anazikhwimitsa mu 2024 kwa otumiza maimelo ambiri, Microsoft inatsatira mu May 2025, ngati wa IT wanu mpaka lero sanaziike mufunseni kuti amalandirira chani.

Zochita mwachidule: siyani kaye kutumiza za gulu, ikani IP yanu pa webusaiti ya MXToolbox muone mndandanda umene wakugwirani, werengani uthenga wobwerera uja mpaka pansi chifukwa nthawi zambiri umanena wakukanani ndi kopempha. Sinthani mapasiwedi onse poti mwina akaunti ina inabedwa ikutumiza zake usiku, onaninso kuti PTR, yolumikiza IP yanu ndi dzina la seva yanu, ili bwino, kenako pemphani kuchotsedwa. Malonda azipita kudzera pa makampani otumiza maimelo a gulu monga Mailchimp kapena Brevo kwa okhawo amene anavomera, pakhale podina munthu akafuna kusiya, ndipo kotesheni yofunika mukatumiza imbani foni mufunse ngati yafika.