Kulera uli ndi zaka 17: poyambira ndi pati, nanga msambo usintha bwanji?

Mtsikana wina wa ku Kasungu wafunsa mmene angapezere njira yolerera, ndiponso ngati msambo wake udzasokonekera. Mng'ono wanga, chita izi.

Choyamba, tenga buku lako la kuchipatala upite ku chipatala cha boma cha Kasungu kapena chaching'ono cha kwanuko, ufunse gawo la achinyamata. Kuchipatala cha boma sulipira. Uwauze anamwino tsiku limene unayamba kusamba komaliza, ndiponso matenda kapena mankhwala alionse amene ukumwa. Adzaona kaye ngati ulibe pakati, n'kukuyeza BP.

Kenako musankhe limodzi, msambo uli m'maganizo. Mapiritsi omwa tsiku lililonse nthawi zambiri amachepetsa magazi ndi cham'mimba. Jakisoni wa Depo, wobaya miyezi 3 iliyonse, poyamba amadonthetsa magazi mosayembekezereka, kenako ambiri amasiyiratu kusamba. Apa mpamene atsikana amachita mantha, koma magaziwo sakuunjikana m'mimba ayi. Chiberekero changosiya kukonza oti atuluke. Ukasiya Depo, kubereka kumabwerera, ngakhale kumachedwa miyezi ingapo. Implanon (zaka 3) ndi Jadelle (zaka 5) ndi timachubu toika pansi pa khungu la pamkono, ndipo zimasokoneza masiku osamba. Lupu ya kopa, yoika m'chiberekero, imachulukitsa magazi miyezi yoyambirira.

Lemba masiku ako m'kope, ndipo usaphonye tsiku lobwerera. Magazi akachuluka kwambiri, ukamamva chizungulire kapena m'mimba mukapweteka koopsa, bwerera msanga.

Kondomu usaisiye, chifukwa njira zinazi siziteteza ku HIV ndi matenda opatsirana pogonana. Ikaphulika, mapiritsi apangozi oteteza kutenga pakati umwe msanga, bwino pasanathe maola 72.