Mmene mungapezere thandizo nkhawa ikakupanikizani pa koleji ku Zomba

Semesita ikamatha, ku Chikanda, dera la ku Zomba komwe ophunzira ambiri amachita lendi, anthu sagona. Ena n'kuwerenga, koma ena amangoyang'ana malata mpaka tambala woyamba, mutu uli pa fizi yosamaliza, lendi ya alandilodi, loni yochedwa ndi mantha owidedwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso). Chodabwitsa n'chakuti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, Zomba Mental Hospital, chili m'tauni momwemuno, koma mawu oti "ku mental" timangowagwiritsa ntchito ponyozana. Ambiri amapirira mpaka zitafika pothina.

Choyamba, siyanitsani nkhawa ya mayeso ndi matenda. Mtima kugunda usiku woti mawa mulemba pepala si vuto, zimatha mukatuluka m'chipinda cholembera. Koma mukatha masabata awiri kapena kuposerapo muli wokhumudwa, tulo tosabwera kapena kungogona usana wonse, nsima yosalowa, mpira kapena kwaya yomwe munkaikonda yosakomanso, ndime imodzi kuiwerenga kanayi osagwirapo kanthu, pamenepo musadzitche waulesi. Onaninso ngati mowa, chamba kapena kubetcha pa foni zasanduka njira yopezera mpumulo.

Mukaona zimenezi, zilembeni m'foni kapena kumapeto kwa kope: zinayamba liti, mukugona maola angati, mwajomba makalasi angati. Zikuoneka zachibwana, komatu ambirife tikakhala pamaso pa adokotala timangoti "mutu ukundipweteka", n'kubwerako ndi panado. Kapepalako kamakuyankhulirani pakamwa pakauma.

Kenako uzani munthu mmodzi. Mmodzi yekha, osati gulu la WhatsApp la kalasi. Akhale wosunga pakamwa: mnzanu wogona naye chipinda, achemwali kumudzi, mtsogoleri wa ku SCOM (bungwe la ophunzira achikhristu), abusa kapena shehe. Pemphero ndi labwino, ndipo silitsutsana ndi chipatala. Wokuuzani kuti mwamuna salira, kapena kuti mwalodzedwa basi, muthokozeni n'kupita kwa wina.

Tsopano gogodani khomo la pasukulu. Ku University of Malawi, yomwe ambiri timaitchulabe kuti Chanco, yambirani ku kiliniki ya pasukulu kapena ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, mufunse kumene mungapeze uphungu. A ku Domasi College of Education ndi Malawi College of Health Sciences afunse ku ofesi yoona za ophunzira. Simufunika Chingerezi chapamwamba. Ingonenani kuti, "Pepani, ndatha mwezi sindikugona ndipo maphunziro akundikanika, ndikufuna kuonana ndi aphungu." Musanayambe kufotokoza zakukhosi, funsani kuti nkhaniyo aidziwa ndani. Ndi ufulu wanu, ndipo mtima umakhala pansi mukamva yankho.

Pitani mayeso asanayambe, apa ndiye pagona nkhani. Kupempha kuti muyambe mwapuma chifukwa cha matenda, kalata ya kuchipatala ili m'manja, n'kosavuta kusiyana ndi kudandaula zotsatira zitatuluka kale. Ngati gwero lake ndi ndalama, nenani mosabisa. Aphungu sangakulipirireni lendi, koma ofesi ikadziwa msanga ingakulozereni kumene mungapemphe thandizo.

Zikapitirira, tengani buku lanu la kuchipatala mupite ku chipatala cha Matawale kapena ku Zomba Central Hospital, komwe angakutumizeni kwa odziwa za matenda a maganizo. M'zipatala za boma nthawi zambiri simulipira, ndipo kuonana ndi a ku Zomba Mental Hospital sikutanthauza kugonekedwa: ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mukapatsidwa mankhwala, dziwani kuti ambiri a iwo amatenga masabata angapo kuti muyambe kumva kusintha. Musawasiye patangotha masiku asanu poti sakugwira, ndiponso musawasiye nokha mukayamba kupeza bwino. Akakusowetsani mtendere, bwererani mukanene.

Ngati miyendo ikulemera kupita, yambani ndi foni. Chipatala cha pa Foni chimayankha pa 929, ndipo bungwe lothandiza achinyamata la YONECO, lomwe likulu lake lili ku Zomba konkuno, limapereka uphungu kudzera pa Tithandizane Helpline.

Pali chimodzi chosadikira mawa. Mnzanu akayamba kunena kuti "bola kungofa", kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, musaseke. Mufunseni maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala, chingwe kapena chilichonse choopsa m'chipindamo, dzutsani mnzanu wina, ndipo mupite naye kuchipatala usiku womwewo, ngakhale zitatengera kukongola ya njinga yamoto.