Muli ndi loji pafupi ndi thanthwe? Kokani okwera miyala

Ngati loji yanu ili cha ku Mulanje ndipo kuseri kuli thanthwe, musangoliyang'ana, pali alendo amabwerera kukwera miyala basi, Chambe ija, nsonga ya phiri la Mulanje, amaidziwa mpaka kunja. Yambani mwaonana ndi amfumu, ngati ndi m'nkhalango ya boma pitaninso ku Forestry, osaboola mwala chilolezo chisanatuluke. Kenako pezani katswiri wokwera agwetse miyala yogwedera, apale ndere ndi udzu, ndiye akhome mabawuti okolekamo zingwe, a stainless chifukwa achitsulo wamba aja amachita dzimbiri msanga. Zingwe, ma harness (malamba ovala m'chiuno omangako chingwe) ndi zipewa zolimba zoteteza mutu gulani zatsopano, zapakaunjika ayi ndithu, muzisunga pouma osati padzuwa. Anyamata apamudzi aphunzire kugwira chingwe choteteza wokwera kuti asagwe. Alendo muziwaitana Meyi mpaka Seputembala, dzinja mwala umaterera koopsa.